Mpira Umene Anamana Mkulu Wake

M'nyumba ya telala wina munali anyamata awiri aatali, oti polowa pakhomo ankachita kuwerama. Onse ankasewera basiketibolo m'timu imodzi. Wamng'ono, amene anzake ankamutcha Nsungwi, anali katswiri popatsira mpira, ndipo mkulu wake ndiye ankagoletsa. Malipiro anali ochepa, koma pakhomopo panali pemphero ndi kuseka.

Tsiku lina kunabwera ejenti wopezera osewera matimu, munthu wa pakamwa potsekemera.

"Mphwanga, matimu akuluakulu amagula mapointi," anatero atakokera Nsungwi kuseri kwa bwalo. "Iwe umavutika, dzina n'kumakwera la achimwene ako. Papepala iwe ndiwe wotchipa. Uziponya wekha, ndikupezere kontirakiti ya malipiro owirikiza kasanu."

Mawuwo anamukhala mumtima, ndipo Nsungwi anayamba kuumira mpira. Mkulu wake ankakweza manja ali yekhayekha pansi pa basiketi, iye n'kuponya ali kutali, adani atatu atamuzinga.

"Kodi ndakulakwira chiyani?" anafunsa mkulu wakeyo m'chipinda chosinthira zovala. "Kontirakiti yanga ikutha mwezi uno. Ukapitiriza chonchi andichotsa, ndipo mlamu wako ndi woyembekezera."

"Aliyense aziwerenga mapointi ake, achimwene."

Nkhaniyo itafika kunyumba, bambo awo anaimitsa makina osokera. "Mwana wanga, dyera limeneli likupha m'bale wako. Usiye."

"Bambo, inu mumadziwa za ulusi. Za mitengo ya osewera tisiyireni."

Pa masewero omaliza, akuluakulu a timu ina yolemera, oitanidwa ndi ejenti uja, anakhala kutsogolo ndi timabuku tawo. Kunatsala masekondi anayi, timu ya anyamatawo ikutsalira ndi pointi imodzi. Mkulu wake anali poyera, akukuwa. Nsungwi anamuona bwinobwino, koma anaponya yekha. Mpira unagunda chitsulo cha basiketi n'kugwera kunja.

Lolemba mabwana a timu yawo anaitana mkulu wake wa Nsungwi. Mapointi ake anali atatsika kwambiri, choncho kontirakiti ina panalibe. Nsungwi anadzitonthoza kuti ndalama zikabwera adzamuthandiza, n'kuimbira ejenti uja.

"Zakanika, mphwanga," anatero ejentiyo mosachita manyazi. "Iwo ankafuna wopatsira mpira amene anamuona chaka chatha. Akuti wa panoyu sangamutenge ngakhale waulere." Anadula foni.

Sabata yomweyo timu yake inasinthanitsa Nsungwi ndi wosewera wa katimu kena kakutali, malipiro n'kudulidwa pakati. Anapita kukatsanzika ndipo anapeza mkulu wake akugulitsa nsapato zake zosewerera kuti alipire kuchipatala.

"Achimwene, ndikhululukireni," anatero misozi ili chuchuchu.

"Ndakukhululukira," anayankha mkuluyo osakweza mutu. "Koma ntchito yanga sibwereranso."

Wachinyamata iwe, samala ndi munthu wokuuza kuti mtengo wako udzakwera ukapondereza m'bale wako. Dyera lidzakulanda m'baleyo, ndipo ndalamazo sudzazionanso.