Mukundimva Kumbuyoko?

Nkhaniyi wina akhoza kuiseka, koma mboni zake zilipo, zikuyenda ndi miyendo yawo. Woyamba ndi wokonza makompyuta uja anthu amangomutcha Mawaya, munthu wosakhulupirira chilichonse chimene sangachimasule ndi sikuludiraiva. Winayo ndi msuweni wake, namwino wachitsikana amene kwawo amamuitana kuti Mzime poti ndiye wotsiriza kubadwa. Zinamuonekera Mzimeyo, osati usiku ayi, koma masana dzuwa likuswa mtengo, pabalaza pa mayi ake.

Mzime atamaliza sukulu ya unamwino anakhala pakhomo mpaka mapepala ake kuyamba kudya fumbi. Kenako chipatala china chachikulu cha kutali chinamuitana ku intavyu ya pa intaneti, yoonana pa vidiyo. Anamuuziratu kuti wolephera kulowa pa nthawi yake, malo ake apita kwa wina. Foni yake inali yosweka galasi, kamera ikuonetsa munthu ngati ali mu utsi. Chotsala chinali kompyuta ya malemu bambo ake, imene inakhala pakona itafunditsidwa nsalu chimwalirireni mwini wake.

Bambowo ntchito yawo inali yoika zokuzira mawu pa maukwati ndi pamisonkhano. Anali ndi kachizolowezi kotopetsa. Mwambo usanayambe, ankagogoda maiki ndi chala n'kufunsa kuti, "Mukundimva kumbuyoko?" Ndipo maikiyo sankaipereka kwa wina aliyense, kaya abusa kaya mkwati, mpaka munthu wa kumbuyo atayankha. Akayankhidwa ankati, "Basi, yambanipo," n'kuisiya. Kenako anadwala matenda ofa ziwalo, sitiroko, amene anawalanda mawu. Miyezi yawo yomaliza ankangogogoda chitsulo cha bedi ndi chala, apabanja n'kumathamanga ndi madzi, mwina pilo, mwina beseni, iwo n'kumangotseka maso.

Dzulo lake la intavyu Mzime anavundukula kompyuta ija. Inayaka bwinobwino. Anatsegula bulawuza, pulogalamu yolowera pa intaneti, masamba n'kumabwera mosavuta. Koma atangodina poyesera vidiyo, zonse zinauma gwa. Mausi osasuntha kanthu, tsamba osatsekeka. Anazimitsa, kuyatsanso, chimodzimodzi.

M'mawa mwake Mawaya anafika ndi chikwama chake, akuseka asanalowe n'komwe.

"Namwino wathunthu kulephera kuchiza kompyuta? Nanga anthu mudzawatani?"

"Iwe, ndilibe nthawi ya zocheza. Intavyu ndi masana ano."

Mawaya anakhala pampando wa malume ake n'kuyamba zimene amayamba nazo onse a ntchito imeneyi. Anafufuta zinyalala zimene bulawuza imasunga. Anachotsa timapulogalamu towonjezera. Anaika bulawuza ina yatsopano. Iliyonse inkayenda ngati mwana wabwino mpaka ifike pa tsamba lokhala ndi mawu, kaya nyimbo kaya vidiyo, basi pomwepo gwa. Nthabwala zinayamba kumuchepera.

"Vuto si bulawuza," anatero akukanda chibwano. "Mukompyutamu muli kapulogalamu koyendetsa mawu, timati seva ya mawu. Aliyense wofuna kuyankhula kapena kumva amapempha kwa iko. Bulawuza yapempha, ndiye yaima ikudikira yankho. Koma sevayo yatanganidwa. Pali chinachake chagwira maiki, sichikufuna kuisiya."

"Chinachake chiti?"

"Tichiona pompano."

Anatsegula kawindo koonetsa mapulogalamu amene akugwiritsa ntchito mawu. Bulawuza inalipo, dzina lake poyera. Pamwamba pake panali mzere wina wopanda dzina. Pambali pake kamzere kobiriwira, kaja kamadumpha munthu akamayankhula, kankadumpha. Kudumpha pang'ono, kuima. Kutalika, kubwerera, kuima nthawi ndithu. Kenako kuyambiranso chimodzimodzi.

"Ikutola mawu athu," anatero Mzime.

Onse anakhala chete. Kamzere kanapitiriza.

Mawaya anagwada n'kusuzumira kuseri kwa kompyuta. Anadzuka pang'onopang'ono, akupukuta manja pathalauza.

"Maiki ya malume ili kuti?"

"Mukatoni, pamwamba pa wadilopu. Amayi anaikulunga okha."

"Kuseriku kulibe maiki iliyonse."

Anavala mahedifoni kuti amve. Munalibe kanthu, koma kaphokoso kosalala ngati mvula ya kutali. Anawavula.

"Ndiipha sevayo," anatero. "Ikadzukanso idzuka yoyera."

Mawu akuti kupha aja sanamusangalatse Mzime, ngakhale ankadziwa kuti ndi mmene amayankhulira anthu a makompyuta. Mawaya anataipa, kawindo kanayera. Seva inadzukanso. Bulawuza inabwerera pamalo pake. Pamwamba pake mzere wopanda dzina uja unabwereranso, kobiriwira kakudumpha.

Apa ndi pamene fungo linafika. Mafuta aja opaka m'mfundo, oluma m'mphuno, amene Mzime ankasisita nawo mkono wakufa wa bambo ake. Botolo lake analitaya kalekale. Anayang'ana msuweni wake, n'kupeza nayenso akununkhiza.

"Ndi waya wapsa," anatero Mawaya motsitsa mawu.

"Waya sanunkha choncho."

"Ndati ndi waya."

Nthawi ya intavyu inali itayandikira. Mawaya anatulutsa kakamera kake kokhala ndi maiki yakeyake, ndi kasipika, n'kuzilumikiza. Anauza bulawuza kuti izidutsira kumeneko, isayang'anenso njira yakale ija. Anadina vidiyo. Inayenda! Nkhope ya Mzime inaoneka pa sikirini, yotuwa ndi mantha.

"Zatheka. Kamzere kajako usakayang'ane, ndakabisa. Ukayankhe mafunso basi."

Mayi ake a Mzime anamupempherera mwachidule n'kutuluka kukakhala pakhonde kuti pasakhale phokoso. Mawaya anaima panja pa chitseko, atachisiya chotsegula pang'ono. N'chifukwa chake zotsatirazi anazimva ndi makutu ake.

Pa sikirini panaoneka anthu atatu atakhala kuseri kwa tebulo. Pakati panali mayi wamagalasi, mkulu wa anamwino, nkhope yosaseka. Analonjerana. Mayiyo anafunsa funso loyamba, la kasamalidwe ka wodwala amene sangathe kuyankhula. Mzime anatsegula pakamwa.

Mayiyo anakweza dzanja.

"Pepani. Tinanena kuti mukhale nokha m'chipinda."

"Ndili ndekha, mayi."

"Nanga akugogoda maikiwo ndani?"

Mzime anayang'ana kakamera. Palibe chinkakakhudza. Pabalaza panali zii, wotchi yokha pakhoma. Fungo lija linali litabwerera, tsopano pafupi, cha kuphewa lake lamanja.

"Palibe, mayi. Mwina ndi netiweki."

"Netiweki siyankhula, mwanawe. Pali abambo akuyankhula pambali panupo. Ngati akukuuzirani mayankho, tilekere pomwepa."

Bambo wa kumanzere kwa mayiyo anali atayamba kale kutseka cholembera chake. Mzime anaona ntchito ikumupulumuka m'manja.

"Akuti chiyani?" ananong'ona.

Mayiyo anapendeketsa mutu, kumvetsera.

"Akungofunsa. Akuti, mukundimva kumbuyoko?"

Kunja kwa chitseko Mawaya anagwira khoma.

Mzime anakumbukira chala chija pachitsulo cha bedi. Madzi amene ankabweretsa. Pilo. Beseni. Maso aja akutsekeka mokhumudwa. Miyezi yonse ija, nyumba yodzaza anthu, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anayankha. Chisoni chinamukulira kuposa mantha.

Koma anthu atatu aja ankamuyang'ana. Akayankhula ndi mpweya, amuyesa wamisala, kapena wabodza amene wabisa munthu kuseri kwa mpando. Akakhala chete, kugogodako sikutha. Ankawadziwa bambo ake. Maiki sankaisiya.

Anatembenukira kuphewa lamanja. Panalibe munthu.

"Tikukumvani, ababa," anatero. "Tikukumvani bwinobwino."

Anabwezera maso pa sikirini.

Wotchi inagunda. Pakhonde mayi ake anatsokomola. Fungo linayamba kuchepa.

Mayi wamagalasi anamvetserabe pang'ono, kenako anawongola mapepala ake.

"Asiya," anatero. "Akuti basi, yambanipo."

Mawu amenewo mayiyo anawatenga kuti? Malemuwo sanawaonepo, ngakhale dzina lawo sankalidziwa. Mawaya amati akafika pamenepa pofotokoza, tsitsi limamuimabe.

Mzime anapukuta misozi ndi kuseri kwa dzanja n'kuyankha funso lija. Ananena kuti wodwala amene sangathe kuyankhula, usanathamangire madzi kapena mankhwala, uyambe wamuuza kuti ukumumva. Mafunso ena onse sakuwakumbukira. Vidiyo itatha, Mawaya analowa n'kutsegula kawindo kaja. Munali bulawuza yokha. Anakwera pampando, kutsitsa katoni pa wadilopu. Maiki inali momwemo, waya wake wokulungidwa monga anaukulungira mayi, fumbi losakhudzidwa.

Ntchito anampatsa. Mkulu wa anamwino uja sanaifunsenso nkhaniyo, kupatula tsiku lina m'khonde la chipatala pamene anamuimitsa n'kunena kuti, "Bambo anu aja ali ndi mawu abwino." Mzime anangoti zikomo n'kupitiriza ulendo.

Kompyuta inatsala ndi mayi, kuti azionana ndi mwana wawo pa vidiyo Loweruka lililonse. Mawaya anaifufuta yonse n'kuikamo zatsopano, mpaka kusintha kachipangizo ka mawu ka m'kati. Imayenda bwino sabata yonse. Koma Loweruka Mzime akaimba, bulawuza imauma gwa, ndipo iye amakhala kutaliko akuyang'ana sikirini yakuda. Mayi saitananso Mawaya. Amakhala pampando uja, kukonza mpango wawo, n'kuyankhula motsitsa kuti, "Tikukumvani, bambo a ana." Nkhope ya mwana wawo imatulukira pomwepo.

Loweruka lapitali mayi anali kuchipatala ndi vuto la miyendo, nyumba yokiya. Mzime anaiwala, n'kuimba monga mwa masiku onse. Kompyuta imene inasiyidwa yozimitsa inayankha. Pa sikirini panaoneka mpando wopanda munthu, ndipo m'makutu mwake munamveka chala chikugogoda.