Chokanda m'Bokosi la Nsanda

Mkaka umene Sanobar anathira m'kambale Lachinayi madzulo unafika m'mawa wa Lachisanu osanyambitidwa. Ndi kanthu kakang'ono, koma m'nyumba ya Mayi Tursunoy mumzinda wa Margilan zoterezi zinali zisanachitikepo. Baroq, mphaka wa mayiwo, anali ndi dyera loti ngakhale ali m'tulo ankamva kambale kake kakagunda pansi. Zaka zisanu ndi zinayi zonse sanapondepo kunja kwa chitseko, pakuti ankaopa bwalo, ankaopa chisanu, ankaopa ngakhale nkhunda. Analinso ndi chilema chake: sankalira. Ankangoyasamula kukamwa mawu osatuluka, ndipo akafuna chinthu ankakanda.

Sanobar anali mtengwa wa m'nyumbamo. Mwamuna wake Davron, mwana yekhayo wa mayiwo, ankagwira ntchito yomanga ku Russia, choncho nyumba yonse inali ya akazi awiri ndi mphaka mmodzi. Ndipo tinene zoona, pa atatuwo wokondedwa kwambiri sanali Sanobar.

"Baroq sakuoneka. Iwe mtengwa, unasiya chitseko chotsegula," anatero Mayi Tursunoy.

"Ayi Amayi, chisanu chonsechi ndingasiye chitseko? Onani panja, palibe phazi ngakhale limodzi."

Zinali zoona. Chipale chofewa chinali chitagwa usiku, ndipo bwalo linali mbee kuyambira pakhomo mpaka pamtengo wa mabulosi. Mphakayo anali m'nyumba momwemo. Anamusaka tsiku lonse. Anasuzumira pansi pa tebulo lowothera makala, anagubuduza miphika, anasolola matumba a ufa ndi mpunga. Sanobar anakwera mpaka kudenga kumene amayanika anyezi, natsika ndi ukonde wa kangaude kumutu. Mayi Tursunoy, amene miyezi imeneyo ankayenda chogwira khoma, ankatsatira pambuyo akugogoda kambale ndi supuni, akuitana ndi mawu onga oitanira mwana.

Malo amodzi okha sanafufuzidwe. M'chipinda cha alendo, chosasonkhamo moto, munali bokosi lalikulu lamatabwa lokutidwa ndi malata amaluwa, ndipo pamwamba pake panasanjikidwa zofunda zathonje khumi ndi zinayi mpaka kufika kudenga. Mayi aliyense wachikulire kwathu kuno ali nalo bokosi lotere. Amasungamo nsanda yake, sopo, ndi mipango yodzagawira amene adzamusambitse. Kiyi amamangirira kunsonga ya tsitsi lake loluka, ndipo wina satsegula mwini wake ali moyo, chifukwa kutero n'kumuuza kuti wachedwa kufa.

"Umo ayi," anatero mayiwo akudutsa. "Ndinakiya chaka chatha. Mphaka wanga si mzimu."

Usiku wa Lachisanu, akazi awiriwo atagona m'chipinda chofunda ndipo makala atasiya kuthetheka, Sanobar anamva. Sikunali kulira, sikunali kugogoda. Kunali kukanda, kwapansipansi, kochokera kuseri kwa khoma, ngati munthu akupala mphika ali kutali kwambiri. Katatu, kenako zii. Katatunso. Anadzutsa mutu kuti amvetsetse, ndipo mumdimamo anazindikira kumene phokosolo linkachokera. M'nyumba imeneyo iye yekha ndi amene ankadziwa kuti bokosi lija linatsegulidwa dzulo lake.

Nkhani yake inali yotere. Mwezi wapitawo dokotala anamuitanira Sanobar pambali n'kumuuza kuti chotupa cha m'mimba mwa apongozi ake sichidzawalola kuona maluwa a chaka chamawa. Kwathu kuno wodwala sauzidwa zimenezo. Amauzidwa kuti ndi mpweya wa m'mimba, amapatsidwa tiyi, ndipo abale amanyamula okha katunduyo. Davron atamva analira pafoni, kenako anati, "Ukaone m'bokosi muja ngati zonse zilimo. Tisadzachite manyazi pamaso pa anthu." Ndiye Lachinayi, tsiku losambitsa tsitsi la mayiwo, Sanobar anamasula kiyi monga mwa masiku onse, ndipo iwo atawodzera pafupi ndi moto, anazemba. Anatsitsa zofunda zonse, anatsegula, anayamba kufunyulula nsalu ali m'chimdima. Atamva chifuwa cha apongozi ake, anagwetsa chivundikiro, anakiya, anabwezera zofunda. Sanayang'ane m'kati. Ndipo Baroq ankakonda malo aliwonse a nsalu zofewa.

"Wamva?" ananong'ona Mayi Tursunoy mumdima.

"Ndi makoswe, Amayi. Gonani."

"Makoswe m'nyumba ya Baroq? Usandipusitse."

Kutacha Sanobar anatenthetsa madzi. "Amayi, bwerani ndikusambitseni tsitsi. Dzulo lija munadzadza fumbi."

"Loweruka? Unandisambitsa dzana. Kodi ndafa kale kuti uzingondithira madzi tsiku lililonse?"

Sanobar anathawira panja, kuseri kwa uvuni wa buledi, naimbira mwamuna wake akunong'ona, nthunzi ikutuluka m'kamwa.

"Bambo, mphaka uja ali m'bokosi. Ndinamutsekera ndine. Ndiloleni ndiwauze Amayi."

"Uwauze chiyani? Kuti unatsegula nsanda yawo? Akafunsa chifukwa chake uyankha chiyani?"

"Afa, bambo. Alibe madzi, alibe..."

"Mphaka ndi mphaka, Sanobar. Amayi akadziwa za matendawa agona osadzukanso, ndipo ukhala utawapha ndiwe. Peza njira, koma pakamwa utseke."

Njira anaifuna ndithu. Anayesa kukankha bokosi kuti aone ngati kumbuyo kuli thabwa lofooka, koma linali la mtengo wa mtedza, lolemera ngati ng'ombe. Anagwada naika pakamwa pa kabowo ka kiyi. "Baroq, pirira," ananong'ona. M'katimo chinthu chinagwedezeka, ndipo zikhadabo zinapala thabwa pafupi penipeni ndi tsaya lake.

Masana kunabwera Mayi Rohatoy a nyumba yoyandikana, mayi amene sanaphonyepo maliro kapena miseche m'dera lonselo. Anamwa tiyi makapu atatu akumvetsera nkhani ya phokosolo, kenako anafunsa kuti likuchokera pati. Atalozeredwa chipinda cha alendo, anagwira kolala ya diresi lawo n'kulavulira pang'ono pachifuwa pofuna kuthamangitsa tsoka.

"Mulungu atiteteze. Achemwali, sindikufuna kukuopsani, koma azakhali anga a ku Kokand zinawachitikira zomwezi. Nsanda ikatopa kudikira imayamba kuitana."

"Ndi makoswe, azakhali," anatero Sanobar.

"Iwe khala chete, unabadwa liti? Makoswe amawerenga katatukatatu?"

Pofika madzulo msewu wonse unali utamva. Ena ankati bokosilo limabuula, ena ankati mphaka anathawa chifukwa anaona chimene anthu saona. Akazi obwera kudzagula mkaka pakona ankafulumiza mapazi podutsa pachipata. Koma chimene chinamuswa mtima Sanobar n'chakuti Mayi Tursunoy anakhulupirira. Usiku umenewo anakoka zogonera zawo kupita m'chipinda chozizira chija, nayala pafupi ndi bokosi.

"Amayi, muno muzizidwa, chonde."

"Ngati nsanda ikundifuna, isavutike kundisaka. Baroq wapita, ndatsalira chiyani?"

Sanobar anagona pakhomo la chipindacho. Kukanda kunayamba nyali itangozimitsidwa, ndipo usiku umenewo kunali kwaukali, kosawerenganso katatu, kumangopitirira mpaka malata a bokosi ankalira pang'onopang'ono. Mayiwo ankapemphera chapansipansi. Atayamba kupuma ngati agona, Sanobar anakwawa, napapasa tsitsi lawo mpaka anakhudza chitsulo chozizira cha kiyi. Mfundoyo anaimanga yekha, ndipo anaimanga zolimba chifukwa cha mantha. Ali m'kati molimbana nayo, dzanja louma linamugwira pamkono.

"Ukufuna chiyani m'mutu mwanga?"

"Ndimakufunditsani, Amayi."

"Funditsa mapazi. Kumutu kulibe mphepo."

Lamulungu lonse Sanobar anayenda ngati wodwala malungo. Buledi anapserera, tiyi anathira mchere. Kawiri anaima pamaso pa apongozi ake mawu ali pamlomo, ndipo kawiri anaona nkhope yachikasu ija, maso olowa aja, n'kumeza mawuwo. Ankadziuza kuti amphaka ndi olimba, kuti Lachinayi silili kutali, kuti tsiku losambitsa tsitsi likafika zonse zitheka popanda wolira. Ankadziwa kuti akudzinamiza. Usiku wa tsikulo kukanda kunali kofooka, kotalikirana, ndipo pakati pake pankamveka kaphokoso kena, konga mpweya wotuluka pa kabowo. Sanobar anadziwa kuti ndi Baroq akuyesa kulira ndi kukamwa kwake kopanda mawu. Analuma chofunda kuti iyenso asamveke.

Lolemba usiku kunakanda kamodzi kokha. Akazi awiriwo anadikira chachiwiri. Anamva galu akuuwa kutali, anamva chipale chikugwa kuchokera panthambi, anamva mitima yawo. Chachiwiricho sichinabwere.

"Nsanda yaleka," anatero Mayi Tursunoy. "Kapena yandikhululukira."

Apa m'pamene Sanobar analephera kupirira. Anayatsa nyali, nayamba kugwetsa zofunda, chimodzi pambuyo pa chinzake, akulira mokweza ngati mwana.

"Wapenga kodi, mtengwa?"

"Ndipatseni kiyi, Amayi! Baroq ali umu. Ndinatsegula Lachinayi, ndinamutsekera ndine. Ndipatseni!"

Mayiwo anatenga lumo limene linali pawindo, nadula nsonga ya tsitsi lawo pamodzi ndi kiyi.

Fungo ndi limene linayamba kutuluka. Nsanda yoyera ija inali yong'ambikang'ambika, ndipo kunsi kwa chivundikiro thabwa linali litakumbika mizere, mizere ina ili ndi magazi. Baroq anali atadzipinda pakona, mutu uli pa mipango. Sanobar atamunyamula anamva kuti pansi pa mimba pake padakali pofunda. Anamupaka madzi pakamwa, anamupumira m'mphuno, anamugwedeza akumutchula dzina. Mutu unangolendewera.

Mayi Tursunoy anatambasula manja, namulandira, namuika pamiyendo. Anakhala nthawi yaitali akumusisita kumbuyo kwa makutu.

"Unkafunamo chiyani m'bokosi langa?" anafunsa potsiriza, mawu ali bata.

Sanobar anagwada nagwira mapazi awo. "Adokotala anati... Bambo anati ndione ngati zonse zilimo. Tinkaopa kuti mukadziwa..."

"Kuti ndikufa?" Mayiwo anaseka kaseko kouma, kopanda mano. "Mwana iwe. Chotupachi chili m'mimba mwa yani? Ndinachidziwa mphesa zisanakololedwe. Ndinkangokhala chete kuti inu musavutike, ndimwe tiyi wanuyo, ndivomere kuti ndi mpweya. Ndiye iwe masiku anayi onsewa umamva mwana wanga akukanda, n'kumandibisira chinthu chimene ndinkachidziwa kale?"



Kutacha anakumba pansi pa mtengo wa mabulosi. Nthaka inali gwa ndi chisanu, moti anachita kuithira madzi otentha kuti khasu lilowe. Mayi Tursunoy anang'amba mbali ya nsanda yawo imene inatsala yabwino, nakulungamo Baroq ndi manja awo. Sanalire. Sanamukalipirenso mtengwa wawo, ndipo zimenezi zinali zowawa kuposa kukalipa. Anangoti, "Ukagule nsalu ina. Kiyi usunge iweyo, ine ndilibenso chokiyira."

Kuyambira tsiku limenelo Mayi Tursunoy anasiya kudya. Davron anafika pa sitima patapita masabata atatu, napeza amayi ake atamwalira, akazi a m'deralo atadzaza kale bwalo, ndipo Mayi Rohatoy akuuza aliyense kuti iwo ananeneratu. Sanobar sanawatsutse. Mwamuna wake sanatchulepo za mphaka, iyenso sanatchule.

Bokosi lija lidakali m'chipinda cha alendo, lopanda kanthu, ndipo Sanobar salola kuti chivundikiro chake chitsekedwe. Zofunda amazisanjika pansi. Alendo akafunsa amati matabwa akufuna mphepo. Koma nyengo yachisanu ikafika, nyumba ikakhala zii, amadzidzimuka n'kukhala tsonga, ndipo Davron akamufunsa amayankha kuti palibe. Mwamunayo samva chilichonse. Sanobar amanyamula nyali, amapita kukasuzumira m'bokosi lotsegulalo, amapapasa ngodya zonse zinayi, kenako amabwerera kukagona. Akangozimitsa nyali, kumayambiranso, katatu.