Khomo Lomwe Telala Anatseka

Mmawa wachitatu chitsekereni khomo lija, Telala anapeza pulasitala wake atakandidwa. Inali mizere inayi yotsika kuchokera pa msinkhu wa chifuwa mpaka m'chiuno, ndipo pansi panali tizidutswa ta simenti.

"Makoswe," anatero, koma naye sanadzikhulupirire. Khoswe wanji wamtali choncho?

Nyumbayi inali ya makolo ake. Mayi ake atamwalira, bambo ake anayamba kuiwala zinthu, mpaka dzina la mwana wawo lomwe, choncho Telala anasamukiramo ndi mkazi wake kuti aziwasamalira. Malata ankadontha, mafelemu chiswe chinali chitamaliza. Zolipira mmisiri panalibe, ndiye munthu wa singano ndi ulusi anadzisandutsa womanga, n'kumagwira madzulo akaweruka pa makina ake.

Chitseko cha chipinda chomwe mayi ake ankagonamo podwala chinali chitafumbwa. Chatsopano n'chodula, pomwe njerwa zakale zinali mbwee kuseri. Nzeru inamubwerera: atseke khomo la m'kolido ndi njerwa, akadzapeza kangachepe adzaboole lina kunja, chipindacho aikemo wa lendi. Anatsekadi, bedi la mayi ake lili momwemo poti linali lolemera. Ankadzitama nayo nzeruyo, osaona kuti wasiya chipinda chopanda khomo, chongokhala ndi zenera la zitsulo.

Usiku umenewo sanagone. Magetsi anali atazima, mdima uli bii, malata akulira pang'onopang'ono pozizira. Kenako anamva phokoso lina, lofatsa, losathamanga, ngati munthu akupala poto wopserera. Anatuluka ndi tochi. Bambo ake anali chiimire m'kolido, opanda nsapato, zikhadabo zili pakhoma.

"Mwaonatu," ananong'ona mkazi wake atabwerera kuchipinda. "Lero ndi khoma, mawa atuluka usiku akagwere m'ngalande. Ine sindingakwanitse. Loweruka apite kwa mlongo wanu."

Telala zinamuwawa kwambiri, chifukwa chinthu chimodzi chomwe bambo ake sankaiwala chinali kumupempha kuti asadzawachotse m'nyumba muno. Mawa lake anamatanso khomalo ndi simenti yotsala, nagula loko. Madzulo anawatsekera bambo ake m'chipinda chawo, manyazi atamugwira mpaka kulephera kuwayang'ana kumaso.

Anthu anali atayamba kale kulankhula. Mayi wogulitsa makala moyandikana nawo ankauza aliyense kuti anaona katani ya chipinda chotsekedwacho ikusuntha dzuwa likuswa mtengo. Ena ankati ndi mphepo, ngakhale zeneralo linali lokhomedwa ndi misomali.

Lachisanu usiku phokoso linayambanso. Telala anapita kaye pa chitseko cha bambo ake, napeza loko ali chitsekere. M'kolido munalibe munthu, koma kupala kuja kunkapitirira. Anaika chikhatho pa pulasitala wozizira, ndipo anamva njerwa ikunjenjemera pang'ono m'dzanja mwake. Chinthucho chinali mbali inayo.

Anazungulira kuseri. Zitsulo za pazenera zinali bwinobwino, misomali ili m'malo mwake. Anawalitsa tochi pa kampata ka katani. Mkatimo, simenti ya pakati pa njerwa za khomo lija inali itakumbidwa mizere itatu yathunthu, fumbi lake litaunjikana pansi. Bulangeti la pabedi, lomwe iye mwini analiyala mosamala, linali litapindidwira mbali imodzi ngati munthu wangodzuka kumene.

Atatsekula loko, anapeza bambo ake atakhala tsonga pabedi, atavala jekete, maso ali gwa.

"Bambo, mumakandiranji khoma lija?"

"Ndimamuthandiza," anayankha motsitsa mawu. "Iye uko, ine kuno. Zala zake n'zofooka, ukudziwa. Wamutsekeranji mayi ako, mwana wanga?"

Panali patatha miyezi isanu osamutchula kuti mwana wawo. Telala anatenga hamala.

"Inu, mwapenga kodi?" anakuwa mkazi wake atatulukira. "Simenti yonse ija!"

Sanamumve n'komwe. Anamenya mpaka njerwa zinayamba kugwera mkati, namenyabe mpaka bowo linakwana munthu. Mpweya wozizira unatuluka, wonunkhira mafuta aja ankawapaka mayi ake miyendo ikatupa. Mkazi wake anagwira pakamwa, nabwerera chafutambuyo.

Bambo ake anayandikira bowolo, kenako anapatuka n'kutsamira kukhoma, monga amachitira munthu popereka njira. Nkhope yawo inawala koyamba chichitikireni maliro.

"Bambo," anatero Telala misozi ikutsika, "Loweruka simupita kulikonse. Muzikhala muno, ndalumbira."

"Usavutike nazo," anayankha akumwetulira, osamuyang'ana. "Wabwera kudzanditenga yekha."

Telala anagwira dzanja lawo lamanja mwamphamvu zake zonse. Lamanzere linali litatambasuka kale kutsogolo, zala zitapindika bwino pa chinthu chosaoneka, ndipo pang'onopang'ono, ngakhale mwana wawo ankakoka, bambo aja anayamba kuyenda.