Kodi Dani Ndi Ndani?

Kunyumba kwawo ankamutcha Kamafunso. Ankakonda kufunsa mafunso. Koma funso limodzi linkamusowetsa mtendere. Kodi achimwene ake ankamaliza bwanji ntchito msanga chonchi?

M'mawa uliwonse amayi ankagawa ntchito. Kamafunso ankapukuta mipando. Achimwene ankasesa pabalaza.

Kamafunso ankapukuta, kupukuta, kupukuta. Asanafike pa mpando wachiwiri, achimwene ankaimika tsache pakona.

"Done, amayi," ankatero achimwene.

"Chabwino," amayi ankayankha ali kukhitchini.

Basi achimwene ankatenga mpira n'kutuluka.

Kamafunso anali asanayambe sukulu. Chingerezi sankachidziwa. Iye ankamva ngati akuti "Dani."

"Achimwene, Dani ndi ndani?" anafunsa tsiku lina.

Achimwene anaseka. "Ukadali mwana iwe. Udzadziwa ukadzakula."

Kamafunso anawayang'ana m'maso. Achimwene anayang'ana kumbali.

"Pali chinachake apa," anaganiza Kamafunso. "Dani ndi mnzawo. Amalowa mobisa. Amawathandiza kusesa. Ine sindithandizidwa ndi wina aliyense."

Kamafunso anayamba kufufuza. Anasuzumira pansi pa bedi. Panalibe Dani. Anasuzumira kuseri kwa chitseko. Kunalibe Dani. Anatsegula kabati. Munali mbale zokhazokha.

M'mawa mwake Kamafunso anabisala kuseri kwa sofa. Anakhala chete ngati mwala. Diso limodzi lokha ndi limene linkaoneka.

Achimwene analowa ndi tsache. Anayang'ana uku. Anayang'ana uko. Anasesa pang'ono apa. Anasesa pang'ono apo. Kenako anatukula kapeti. Anakankhira zinyalala zonse pansi pake. Anabwezera kapeti n'kupondapo kawiri.

"Done, amayi."

Fumbi linalowa m'mphuno mwa Kamafunso. Anagwira mphuno. Anagwira pakamwa. Koma anayetsemula ndithu.

Achimwene anadzidzimuka. "Ukutani kumeneko?"

"Ndimadikira Dani," anatero Kamafunso. "Dani sanabwere. Koma zina ndaziona."

Achimwene anawerama. Ananong'ona. "Usanene. Ndikupatsa switi."

Kamafunso ankakonda switi. Anameza malovu.

Amayi analowa akupukuta m'manja. "Mukunong'onezana chiyani awirinu?"

"Amayi, Dani ndi ndani?" anafunsa Kamafunso.

Amayi anamwetulira. "Si dzina la munthu, mwana wanga. Ndi mawu a Chingerezi. Munthu akamaliza ntchito amati done. Ena amati finished. Zonse ndi kunena kuti ndamaliza."

Kamafunso anaganiza. Anayang'ana achimwene. Anayang'ana kapeti.

"Nanga munthu akangobisa zinyalala, pa Chingerezi amati chiyani?"

Amayi anasiya kumwetulira. Nawonso anayang'ana achimwene. Nawonso anayang'ana kapeti. Anagwira nsonga yake n'kutukula.

Pansi panali fumbi lambiri. Panali mapepala a switi. Panali chotsekera botolo. Pakati pa fumbilo panali kanthu konyezimira.

Amayi anakatola. Anakauzira.

"Ndolo yanga iyi," anatero. "Ndaifuna nyumba yonse."

Achimwene anazolika.

"Pepani, amayi. Ndimafulumira kumpira."

"Mawu ukuwadziwa," anatero amayi. "Koma pakamwa pakamaliza, manja nawonso amalize. Tenga tsache."

Achimwene anatenga tsache. Anasesa pansi pa kapeti. Anasesa pansi pa sofa. Anasesa m'makona monse. Kamafunso anabweretsa chowolera. Achimwene ankasesa, Kamafunso ankawola. Ankasesa, ankawola. Kenako anakataya zinyalala kunja.

Amayi anayendera pabalaza. Anatukula kapeti. Panali poyera. Anasuzumira pansi pa sofa. Panali poyera.

"Well done, ana anga," anatero amayi.

"Amenewonso akutanthauza chiyani?" anafunsa Kamafunso.

"Akutanthauza kuti mwagwira ntchito bwino. Amenewa sudziuza wekha. Amakuuza ndi wina, akaona ndi maso ake."

Amayi anakhala pa sofa. Anapatsa Kamafunso ndolo ija. Kamafunso anawaveka pang'onopang'ono.

Achimwene anatenga mpira wawo. Anamufulatira Kamafunso. Anapita pakhomo.

Kamafunso ananyamuka. Anawatsatira.

"Achimwene, mwandikwiyira?"

Achimwene anatembenuka.

"Pang'ono," anatero. "Koma maso akowo saphonya kanthu. Ife tikusowa wapagolo. Kavale nsapato."

Kamafunso anathamangira kuchipinda. Achimwene anamudikira pakhomo.