Maso a Keziya

Madzulo amenewo Keziya ankaanula mtedza umene anayanika pabwalo, dzuwa likulowa chakumapiri a ku Zambia. Atawerama kuti anyamule dengu, dziko linatembenuka. Khola la mbuzi linakwera m'mwamba, mtengo wa mango unagona chammbali. Anagwa, nasanza, nakumbatira dothi ndi manja onse awiri.

Woyamba kufika anali Luwiza, woyandikana naye nyumba, amene anali atangoika mwana wake m'manda. Mwanayo anagona ali bwinobwino, osadzukanso. Luwiza anadzutsa mutu wa Keziya, kenaka anausiya msanga. Maso a Keziya ankathamangira mbali imodzi n'kubwerera, okhaokha.

"Anzanga, maso anuwa akutani?"

"Sindikudziwa. Ndigwireni."

Luwiza sanamugwire. Patapita kanthawi masowo anaima, koma Luwiza anali ataona kale.

Pofika m'mawa, mudzi wonsewo, wa kufupi ndi Kachebere, unali utamva. Ankati wouluka pa lichero akatera molakwika, maso ake amapitiriza ulendo. Ena anakumbutsana za fungo la nyama yowauka lomwe linkadutsa m'mudzimo kukamada, popanda wootcha. Ena anati agalu ankauwa chakumanda, n'kungoti zii nthawi imodzi. Kenaka mkulu wina wa mpingo anapezeka atauma m'chigafa chake cha fodya, kukamwa kuli yasa. Pamaliropo, Keziya atakhala pamphasa, amayi onse anasuntha.

Iye sanadandaule. Ankayenda chogwira makoma, ankagonera kumanzere kokha, chifukwa akatembenukira kumanja denga linkazungulira. Mumtima munangoti zii.

Mwamuna wake, Eneya, anamukweza panjinga mpaka kuchipatala ku boma. Dokotala, mayi wochepa thupi, anamukhazika pabedi, anamupotozera mutu kumanja, n'kumugoneka chagada mwadzidzidzi. Chipinda chinazungulira. Dokotalayo anangoyang'anitsitsa masowo.

"Musatsinzine, mayi. Vuto ndi khutu lakumanjali."

"Khutu?" anafunsa Eneya.

"M'kati mwa khutu muli timiyala ting'onoting'ono tothandiza munthu kuima bwino. Tikasochera, ubongo umayesa kuti mukuzungulira, maso n'kumathamangira zomwezo. Tiyeni titibwezere pamalo pake."

Anamutembenuzira mutu kumanzere pang'onopang'ono, anamugoneka chammbali nkhope itaweramira pansi, kenaka anamukhazika tsonga. Anabwerezanso. Keziya anayang'ana khoma. Khomalo linaima chilili.

Pobwerera, utsi anaumva asanafike. Denga la nyumba yawo linali litagwera m'kati, mbuzi zitapsera m'khola. Anthu anaima patali, manja ali kumbuyo.

"Wachira," anatero Eneya. "Bwerani muone maso akewa. Linali khutu chabe."

"Mwakachotsa umboni," anayankha Luwiza.

Keziya anayang'ana phulusalo. Anadikira misozi, koma sinabwere. Anatola khasu lopsa mpini, nauza mwamuna wake kuti azipita. Tsiku lomwelo awiriwo anadutsa pa malire a Mwami, kulowera kwa abale awo ku Chipata. Sanacheuke.

Mvula yoyamba itagwa, mwana wina anamwaliranso m'tulo. Fungo lija linali lisanachoke, ndipo panalibenso woti amuloze chala. Pamaliro anthu ankaimba motsitsa, aliyense akuyang'ana nkhope ya mnzake mwakuba.

Luwiza anali ndi amayi anzake kophikira. Anawerama kuti asonkhezere moto pansi pa mphika wa nyemba. Nthaka inapendekeka. Anakhala pansi mwakachetechete, natsinzina mwamphamvu.

"Achemwali, mwatani?" anafunsa mayi wina.

"Utsi."

"Utsi ukupita uko. Tsegulani maso tione."

Luwiza sanatsegule. Anangomva nyimbo ikuduka, ndi mapazi akuyandikira.