Miyendo Pansi pa Poto

Lamlungu m'mawa, anthu a ku Zaragoza ali ku Misa, munthu wophimba kumaso anakankha chitseko cha shopu ya Petronila Lacasa.

Petronila anali mayi wamasiye, wozokota zithunzi pa mbale za mkuwa n'kumazisindikiza papepala. Chithereni nkhondo ya Afalansa sankapitanso kutchalitchi. Ankazokota zimene anaona mzinda utazingidwa: mitembo pangolo, amayi akukokedwa tsitsi, anthu akulendewera m'mitengo ya maolivi.

"Mkuwa uli kuti?" anafunsa munthuyo.

"Pita ukafunse amako."

Anam'menya ndi chigwiriro cha mfuti pamphumi. Potsitsimuka, Petronila anapeza bokosi la mbale zake za mkuwa lili pululu. Mapepala onse amene anasindikiza anali phulusa m'ng'anjo.

Wapolisi wa dera lawo, Isidro Monzón, anafika masana. Anayang'ana chilondacho, n'kupukusa mutu.

"Mayi Petronila, mwina zakhala bwino. Akuluakulu sazikonda zithunzi zanuzi. Anthu akufuna kuiwala."

"Aiwale ndi mitu yawo. Inuyo ntchito yanu ndi kugwira mbava kapena kundilangiza?"

Monzón anazungulira m'misika ndi m'nyumba za vinyo, koma palibe anaona kanthu.

Patapita masabata angapo, Eulalia, wophika panyumba ya alendo ya kufupi ndi mlatho, analowa kupolisi, poto watsopano ali m'manja.

"Bwana, ine nyemba sindiphikira m'menemu. Muli anthu."

Monzón anasuzumira. Pansi pa potoyo panali patazokotedwa miyendo yolendewera, yopanda nsapato, ndi nthambi ya mtengo. Nyundo inali itafafaniza zina zonse.

"Mwagula kuti?"

"Kwa Ciriaco, wosula uja wa kuseri kwa msika."

Ciriaco ataona wapolisi pakhomo anagwetsa nyundo.

"Ine sindinabe! Mkuwawo anandiuza kuti ndiusungunule. Koma mkuwa wabwino chonchija, bwana, kusungunula? Ndinangoupinda."

"Anakuuza ndani?"

"Andipha."

"Ndiye ukafera m'ndende m'malo mwake."

Ciriaco ananong'ona: "Kaputeni Abarca."

Fulgencio Abarca anali ngwazi ya mzinda. Pa zikondwerero ankayenda patsogolo, mendulo zili mbuu pachifuwa.

Wapolisiyo anatenga mapoto onse amene anatsala n'kupita nawo kwa Petronila. Mayiyo anawatembenuza mmodzimmodzi mpaka anaima pa wa Eulalia.

"Ameneyu ndi Lázaro wophika buledi, ndi ana ake. Sanapachikidwe ndi Afalansa. Anapachikidwa ndi asilikali athu, ati chifukwa anagulitsa buledi kwa adani. Ndinalipo."

"Mundilowetsa ine m'mavuto, mayi."

"Mavutowo mwawanyamula kale m'manja. Tiyeni."

Anam'peza Abarca pabwalo la msika dzuwa lili paliwombo, akudya soseji ndi anzake. Petronila anaika poto patebulo, pakati pa makapu a vinyo.

"A Kaputeni," anatero Monzón, "ndakumangani pa mlandu wakuba ndi kuvulaza mayi awa."

Abarca anaseka mpaka kutsokomola.

"Iwe Monzón, pamene ine ndinkadya makoswe pakhoma la mzinda uno, iwe unali kuti? Ndimangidwe chifukwa cha mapoto?"

"Ciriaco waulula."

Kuseka kunatha. Abarca anadzuka, mpando n'kugwa.

"Inde, ndinatenga! Ndikadatenganso lero! Mayi ameneyu akunyoza anthu amene anam'pulumutsa. Inali nkhondo. Wodyetsa mdani ndi mdani."

"Mwana wamng'ono wa Lázaro anali asanagule mano," anatero Petronila. "Anadyetsa ndani?"

Ogulitsa nsomba anasiya mipeni n'kusendera pafupi. Anzake a Abarca anayang'ana m'makapu mwawo. Monzón anatulutsa unyolo, ndipo panalibe anamuletsa.

"Woweruza ndinamenya naye nkhondo limodzi," anatero Abarca akumangidwa. "Mawa lomweli ndikhala ndili panja."

"Mutuluke ndithu," anayankha Petronila. "Mkuwa ku Zaragoza sunathe. Koma ndikuuzeni chimene simunachione chifukwa cha mantha. Pachithunzi chija nkhope yanu sinkaoneka. Ndinaibisa pansi pa chipewa, pomvera chisoni mayi anu. Panalibe akadakudziwani."

Petronila analoza poto uja patebulo.

"Ulendo uno chipewacho ndichivula."

Monzón anakoka unyolo. Anthu anapatuka, n'kusiya njira yopita kundende.