Dzina Loitanira Pamlatho

A Ran Defu ananyamuka kunyumba kwa mlamu wawo 10 koloko usiku itadutsa kale, chonsecho sitima yawo inali yoti ichoka padoko 11 koloko. Sikuti macheza anakoma. Anangokhala pampando, anthu akudya ndi kupukuta misozi, iwo maso ali pakhoma, mpaka a Mou Sugen, mlongo wake wa malemu mkazi wawo, anawagwedeza phewa.

"Alamu, dzukani. Sitima si mkazi wanu kuti ikudikirani."

Atangonena anadzigwira pakamwa, poti mowa ndi umene unayankhula. A Ran sanakhumudwe. Anatenga chipewa chawo nkutuluka.

Mkazi wa a Sugen anawaperekeza mpaka pageti, akuwapanikiza ndi jumbo ya malalanje imene iwo sanaifune. Ali pomwepo anatsitsa mawu.

"Koma munamuitana, eti? Pa milatho yonse?"

"Mm."

"Dzina lake lenileni? Osati zanu zija za 'ee, iwe'?"

"Mm."

Linali bodza.

Masana a tsikulo anali ataika phulusa la mkazi wawo, Mou Sulan, m'manda a paphiri, pamwamba pa tauni yakale imene inamira pamene damu linatseka mtsinje wa Yangtze. Kuno ngakhale mwana amadziwa kuti wakufa sadziwa njira. Ukamunyamula umamuitana potuluka pakhomo, ndipo pa mlatho uliwonse, kaya ukudutsa pamwamba kaya pansi pake, umatchula dzina lake lonse nkumuuza kuti tikuwoloka, nditsate. Ukapanda kutero umafika ndi bokosi lokha, mwini wake atatsala pamene unamusiya.

A Ran sankatsutsa mwambowo ayi. Mphamvu yotsutsira analibe. Kungoti m'zaka makumi anayi ndi zisanu za ukwati wawo anali asanamutchulepo dzina mkaziyo. Poyamba ankangoti "ee, iwe", mwana atabadwa anayamba "make Min", ndipo zinkakwanira, poti iye ankayankha. Sitima itafika pa mlatho woyamba potuluka mu mzinda wa Wuhan, kumene ankakhala, anatsegula pakamwa ali okha m'chipinda, dzina nkukana kutuluka. Anatseka pakamwa. Pa mlatho wachiwiri sanayesenso.

Ulendowo sunali wa maliro. Mwana wawo Min anagula matikiti awiri kalekale, kuti makolo ake akapume pamadzi ngati nkhalamba za anzawo, mayi ake nkumwalira kutatsala miyezi iwiri. A Ran anakana kusintha kanthu. Anakulunga bokosi la phulusa m'nsalu yofiira, kuliika mu sutikesi, nkukaligoneka pa bedi lachiwiri. Kwa masiku anayi anavala chipewa chachikasu cha gulu lawo, akutsatira mtsikana wonyamula kambendera kulikonse kumene walozera. M'mawa amayi achikulire ankavina pamwamba pa sitima, masana kujambulana, madzulo kuimba pamaikolofoni nyimbo za pa utsikana wawo. Chakudya chinali chosefukira, koma kwa a Ran chonse chinkamveka ngati pepala. Pa mlatho uliwonse anthu ankathamangira panja ndi mafoni, iwo atakhala pabedi manja ali pamaondo. Amene anamva za malirowo ankanong'onezana kuti bambowa ndi olimba mtima. Kulimba mtima kwanji? Munthu anali wosamva kanthu basi, ngati mwendo umene waugonera.

Tsopano anali kutsika masitepe a miyala opita kumtsinje. Magetsi a tauni yatsopano anathera pa nyumba yomaliza, ndipo anayatsa tochi ya pafoni. Pansi patali sitima inkawala mu nkhungu, nyimbo zake zikumveka mwa apo ndi apo.

Njira inadutsa m'mphepete mwa manda. Ambiri a mandawo ndi osamutsa, a anthu amene anafukulidwa kumunsi madzi asanakwere, ndiye anandanda m'mizere yowongoka, miyala yake yofanana yonse. Fungo la mapepala owotchera akufa ndi makombola a masana linali lisanathe. A Ran anaunika kamodzi pa dothi latsopano la manda a mkazi wawo. Anadikira kuti mwina amva kanthu m'chifuwa. Sanamve. Anapitirira.

Kutsogolo kunali mlatho wa simenti, wopapatiza, wowoloka khwawa limene kale ana ankalidumpha koma lero ndi madzi akuya osayenda. Anaponda pamlathopo. Apa ndi pamene anazindikira kuti nyimbo za pasitima zasiya. Achule asiya. Ngakhale mapazi awo ankamveka ngati a munthu wina.

Anafika pakati. Nkhungu inakhuthala.

Kumapeto kwa mlatho, mbali ya kumtsinje, panali chinthu chakuda chotsamira chipilala. Anaganiza kuti ndi thumba la malasha. Thumbalo linadzuka...

Anali mayi. Wamfupi, wa zaka ngati makumi asanu, atavala jekete ya buluu ya mabatani a nsalu, mtundu umene a Ran anauona komaliza pa amayi awo owabereka. Kumsana anabereka dengu lopanda kanthu.

"Akulu, mukutsika?"

"Ndikutsika."

"Mundiitaneko."

A Ran anaima. Tochi inali pankhope pa mayiyo, koma iye sanaphethire.

"Ndikuitanireni ndani?"

"Ine. Mubwerere tsidya ilo, mundiitane. Tan Chunmei. Kamodzi kokha, akulu, sindikuchedwetsani."

Munthu wa mutu wake akanathawa, kapena kufunsa kuti mayi wamkulu chonchi akulephera bwanji kuwoloka mlatho wa mapazi makumi atatu. Koma a Ran kwa miyezi iwiri anali akungochita zimene auzidwa. Sainani apa, asaina. Idyani, adya. Imani apo tikujambuleni, aima. Anatembenuka nkubwerera tsidya la kumanda, jumbo ya malalanje ikuwamenya m'mwendo.

Anayang'ana kumene anachokera. Sikunaoneke kanthu, nkhungu yokhayokha.

"Tan Chunmei," anatero, mawu akutuluka bwinobwino poti linali dzina la mlendo. "Tikuwoloka. Nditsateni."

Zii.

Anamvetsera mapazi. Kunalibe.

Kenako kunamveka madzi. Dontho... dontho... dontho... Pasimenti. Akuyandikira. Mvula inali isanagwe sabata yonse.

Dontho... dontho...

Tochi inazima!

Anaigwedeza foni, kuidina, kuimenya pachikhatho. Mphepo yozizira inawadutsa kudzanja lamanzere, yonunkha matope a pansi pa mtsinje. Ndipo mawu anamveka pafupi ndi khutu lawo, kumbuyo.

"Zikomo, akulu."

Sanatembenuke.

"Masana munadutsa pano ndi bokosi la nsalu yofiira. Ndinati mwina muitana, nane nditsatire kumbuyo kwa mnzangayo. Simunaitane."

A Ran anafinya foni m'dzanja.

"Komanso kumbuyo kwanu kunalibe munthu. Ndinayang'anitsitsa. Munali nokha."

Madontho aja anayambanso, tsopano akukwera masitepe, kulowera kumanda. Anachepa. Anatha.

Huuuu! Sitima inaliza hutala kumunsi.

A Ran anathamanga. Nkhalamba ya zaka makumi asanu ndi awiri, maondo otupa, inawoloka mlathowo osaponda bwino pansi. Jumbo inang'ambika, malalanje nkumagubuduka patsogolo pawo m'masitepe. Anagwa, kudzuka, kugwanso. Mtima unkagunda mpaka m'makutu, ndipo chodabwitsa nchakuti anaumva. Aka kanali koyamba kuumva chimwalirire mkazi wawo. Anali mantha, mantha enieni, ndipo sanali a mayi wa dengu uja ayi.

Padoko anapeza anthu onse atalowa kale. Mtsikana wa kambendera anali pakhomo pa sitima akufuula pa chimkuzamawu.

"Agogo Ran! Mwatipha ndi mtima! Sitima yonse ikudikira inu nokha, fulumirani!"

Pa chipata cha doko panakhala mlonda, nkhalamba ya mano owerengeka, itakumbatira botolo la tiyi. Anawayang'ana a Ran kuyambira kumaondo ong'ambika mpaka kumutu kopanda chipewa, nkuseka.

"Madala, wakuthamangitsani ndani, mwini mkazi?"

A Ran anagwira chitsulo cha chipata, akupuma movutika.

"Tan Chunmei... ndi ndani?"

Kuseka kunathera pomwepo. Mlonda anaika botolo pansi.

"Dzina limenelo mwalitola kuti?"

"Pamlatho."

"Wakuuzani ndani?"

"Mwini wake. Wa jekete ya buluu, dengu kumsana."

Mlondayo anayang'ana kuphiri.

"Ankagulitsa mpiru pa doko lakale," anatero pang'onopang'ono. "Ine ndinkagula kwa iye. Anamwalira madzi asanayambe nkukwera komwe, papita zaka pafupifupi makumi atatu. Nthawi yosamutsa manda ana ake anali atawasamutsira kale kutali kunyanja, ndiye panalibe wake. Mafupa ake tinawaika mumtsuko, tinakweza pangolo pamodzi ndi mitsuko ina. Ndinakankha nawo ngoloyo ine ndemwe." Anapukuta kukamwa ndi dzanja. "Tinali pa changu, madala. Madzi akubwera, akuluakulu akutikalipira. Pamlatho paja tinangodutsa."

"Osaitana."

"Osaitana. Zaka makumi awiri zakwana tsopano. Amene amatsika usiku amati amamuona, koma ndani angaime? Onse amathawa." Anawayang'anitsitsa. "Inu munaima?"

A Ran ankawerenga. Osati zaka za mayi wa mpiru, koma milatho. Ya mu Wuhan, ya kumtunda kwake, ija anthu ankaijambula, ija inadutsa iwo ali mtulo. Chiwerengero chinawasokonekera, koma woyambawo ankaukumbukira bwino: wautali, wa magalimoto osaleka usana ndi usiku, mphepo ya pamtsinje ikuwomba mosatchingidwa ndi kanthu.

"Agogo Ran!" mtsikana uja anafuulanso. "Mukukwera kapena simukukwera? Tikuchotsa thabwa!"

Anayenda mpaka pathabwa lolowera. Anaika phazi limodzi. Mkati munkawala, munkafunda, wina ankaimba nyimbo molakwitsa anzake akumuombera m'manja. Sitimayo inkapita kumtunda, ku Chongqing, ndipo kumeneko nako kuli milatho yake yambirimbiri.

Anachotsa phazi.

"Yotsikira ku Wuhan imadutsa liti?" anafunsa mlonda.

"Mawa masana. Basi ndiye imanyamuka m'mamawa, ngati muli pa changu."

"Ndili pa changu."

"Agogo, nanga sutikesi yanu?" anatero mtsikanayo, mokwiya.

"Pitani nayo. Mulibe kanthu."

Anakoka thabwa. Sitima inasuntha pang'onopang'ono, magetsi ake nkumira mu nkhungu, padoko nkutsala nkhalamba ziwiri ndi babu limodzi. Mlonda anasendera pabenchi, kuwapatsa malo, nkuwatambasulira botolo la tiyi. A Ran analilandira koma sanamwe.

"Wanuyo mwamusiya pati?" anafunsa mlonda chapansipansi.

"Woyamba."

"Liti?"

"Lolemba."

Mlonda anapukusa mutu. A Ran anayang'ana kumunsi kwa mtsinje, kumene madzi ankapita, ndipo nkhope yawo inayamba kukwinyika ngati ya mwana. Make Min ankaopa ngakhale kudumpha msewu yekha, ankadikira kuti iwo atsogole. Anali asanagonepo panja chibadwire, ndipo uwu unali usiku wachinayi.